Kangolo ka mwana ndi chitenje cha apongozi

Achinyamata anzanga ndi inu makolo athu, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga. Ingaoneke yaing'ono, koma inatsala pang'ono kundidanitsa ndi apongozi anga.

Mkazi wanga ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Zinali za tingolo tokankhiramo mwana, tija timationa m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe. "Alamu, sankhanipo kamodzi, ndidzapatsira a basi," anatero. Mtima wanga unadumpha. M'maganizo ndinali nditayamba kale kukankha mwana wanga pamsika wa Golomoti, anthu akucheuka.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuyerekeza. Koyamba kanali kopepuka, kopindika ngati ambulera, ka timatayala tating'ono tapulasitiki. Mtundu umenewu anaupanga ndi Owen Maclaren, katswiri wokonza ndege wa ku England, m'chaka cha 1965, ataona mwana wake wamkazi akuvutika ndi chingolo cholemera pa ulendo. Kotere kamakwera minibasi mosavuta. Vuto lake n'lakuti mpando wake sugona kwenikweni, pamene khanda limene khosi silinalimbe limafunika kugona chagada pamalo ofanana mpaka litakwanitsa pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Komanso timatayala take tikangokhudza mchenga, ulendo wathera pomwepo.

Kachiwiri kanali ngati kabedi kokhala ndi denga. Khanda limagonamo bwino, koma n'kolemera ndiponso kotambalala, moti sungakwere nako kabaza. Mwana akangoyamba kukhala, kabediko kamamuchepera.

Kachitatu kanali ka matayala atatu akuluakulu opopa ngati a njinga. Kamadutsa pamiyala ndi m'mabampu popanda kumugwedeza kwambiri mwana. Kanali kodula kuposa tinzake, ndipo matayala ake amaboola ndi minga, ngakhale kuti wokonza njinga aliyense pa Mtakataka angathe kumata.

Pofunsafunsa ndinaphunziranso zinthu zoyenera kuyang'ana pa kangolo kalikonse: lamba womanga mwana m'mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo, mabuleki ogwira bwino poima pamalo otsetsereka, ndi kadenga kotchinga dzuwa. Chikwama cholemera sichikolekedwa pa chogwirira, chifukwa kangolo kamagwera chagada. Ndipo kwathu kuno kuchigwa, kumene dzuwa la mu Okutobala limaswa mtengo, kuphimba kangolo ndi nsalu n'koopsa, pakuti m'kati mumatentha kuposa kunja. Chofunika ndi neti yopita mphepo, imene imatchinganso udzudzu.

Nditadziwa zonsezi ndinadziyesa katswiri. Koma tsiku lina pochokera kumunda wa mpunga, ndinayang'ana njira yanga ndi maso atsopano. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pamsewu wa M5 ndi kanjira ka miyendo, chilimwe mchenga, dzinja makande omata mpaka m'mawondo, ndipo pakati timadumpha njanji. Pamsewu wa tala pomwepo palibe pokankhira, magalimoto akuluakulu amadutsa mphepo yake n'kukukankha. Zithunzi za alamu zija anazijambula pa simenti yosalala. Ndinakumbukira mawu a akulu aja akuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, koma mtima unakanabe kugonja.

Apongozi anga, amene monga mwa mwambo sakonda kuyankhula nane maso ndi maso, anatuma mawu kudzera mwa mwana wawo. "Ukawafunse bambowo: mwana ali m'kangolo, adzamva bwanji kuti thupi latentha? Ine asanu ndi awiri ndalera ndi chitenje." Ndinayankha mwachipongwe kuti zimenezo n'zachikale. Mawuwo anakawapeza, ndipo kwa sabata ziwiri sanaponde pakhomo pathu.

Mwana sanadikire kuti titsirize mkanganowo. Anabadwa masiku asanakwane, wolemera makilogalamu 1.9 okha. Kuchipatala anamwino anatiphunzitsa chisamaliro cha kangaru: khanda limaikidwa pachifuwa, khungu kukhudza khungu, n'kumangidwa ndi nsalu usana ndi usiku, kuti lizimva kutentha ndi kuyamwa pafupipafupi. Njirayi anaiyambitsa ndi Dokotala Edgar Rey Sanabria mumzinda wa Bogotá ku Colombia m'chaka cha 1978, chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira makanda. Kuno ku Malawi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti iziyamba mwana wotere akangobadwa.

Tsiku lachitatu mkazi wanga anatopa kotheratu. Namwino anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, vulani malaya." Ndinacheuka kuona ngati akunena wina. Anandiika mwana pachifuwa, ndipo amene anabwera kudzamanga mfundo kumsana kwanga anali apongozi anga, ndi chitenje chawo chakale chofewa ndi kuchapa. Sanayankhule kanthu. Ndinakhala pamenepo maola atatu, ndikumva kamtima kakugunda pamwamba pa wanga ndi kampweya kofunda pakhosi panga.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndinkafunira kangolo. Sindinkaganizira mwana kapena msana wa mayi ake. Ndinkafuna njira yonyamulira mwana wanga popanda anzanga kundiseka kuti andidyetsa khuzumule. Mwamuna wokankha kangolo amaoneka wotsogola, koma womanga chitenje amaoneka wogonja. Manyazi angawo ndinawaveka dzina la chitukuko.

Alamu ndinawapempha kuti adikire. Mwana atakwanitsa miyezi isanu ndi iwiri, khosi litalimba, tinasankha ka matayala atatu kaja, nthawi ino titakambirana tonse atatu, ine nditapepesa. Kamatithandiza ndithu m'chilimwe popita ku sikelo ndi ku Misa ku Mua, makamaka tsopano pamene mwana walemera. Mvula ikagwa timakapachika kudenga. Apongozi nawo amakakonda: amamukhazikamo mdzukulu wawo pansi pa mtengo wa mango iwo akupeta mpunga. Koma mwana akadwala, akalira usiku, kapena njira ikakhala yamatope, timabwerera ku chitenje, ndipo kawirikawiri womanga ndimakhala ine. Ena amasekadi. Kuseka kwawo sikunandichotsepo kanthu.

Inu amene mukukonzekera banja, musanasankhe kangolo kapena chinthu china chilichonse cha mwana, yambani mwayenda njira imene mudzadutse naye, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Onani msinkhu wa mwanayo, onani thumba lanu, ndipo mverani amene analera ana inu musanabadwe. Kenaka dzifunseni moona mtima ngati chinthucho mukugulira mwana kapena maso a anthu. Ndipo kwa inu anyamata anzanga, funso loti tilingalire sabata ino ndi ili: mkazi wanu akadzatopa, kodi mwanayo mudzamunyamula?