Mayi a ku Belgrave ndi Fomu ya Mafunso 9

Pantchito yathu, munthu asanafotokoze chimene chamubweretsa, timayamba tamupatsa fomu. Dzina lake ndi PHQ-9. Imafunsa ngati m'masabata awiri apitawa munthu wakhala wosasangalala, ngati tulo tikubwera, ngati chakudya chikulowa, ngati akudziona kuti ndi wolephera. Yankho lililonse lili ndi nambala, kuyambira 0 mpaka 3, ndipo zonse zikaphatikizidwa sizipitirira 27. Fomuyi ndaidzaza ndi anthu ambirimbiri mumzinda wa Leicester, ku England, kumene ndimagwira ntchito yauphungu kwa ovutika maganizo. Ndinkaikhulupirira ngati mmene ndinkakhulupiririra sikelo ya ana ndili namwino kwathu ku Malawi.

Amene anandigwedeza pa chikhulupiriro chimenechi ndi mayi ena a zaka za m'ma 60, ochokera cha ku Belgrave, kumene masitolo a golide ndi a nsalu za sari andanda mumsewu. Zina za iwo ndasintha kuti asadziwike. Anabwera ndi mwana wawo wamwamuna, yemwe anakhala pakati pathu n'kumamasulira kuchokera m'Chigujarati, mwinanso kungowayankhira. Fomu inatulutsa 4. Malinga ndi buku, mayiwa analibe vuto. Komatu dokotala wawo anali atawayeza mtima ndi magazi kangapo osapeza kanthu, ndipo iwo anali atatsala pang'ono kukwanitsa chaka osatuluka pakhomo.

Ndinaganiza kuti mwanayo ndiye akuwatsekera pakamwa. Ndinamupempha kuti atuluke, ndipo ndinachita zimenezi mwaphuma, ngati ndikupirikitsa nkhuku m'khitchini. Mayiwo anangoyang'ana pansi mpaka nthawi inatha. Sabata yotsatira mpando unali wopanda munthu.

Chinandipweteka n'chakuti ine sindinayenera kulakwa chonchi. Kwathu ndani amapita kuchipatala yekha? Wodwala amabwera ndi womudikirira, ndipo namwino wanzeru amayamba wapatsa moni womudikirirayo. Ndinali nditaphunzira bwino kwambiri njira ya CBT, imene Aaron Beck anaiyambitsa ku America m'zaka za m'ma 1960, moti ndinaiwala zimene ndinkadziwa ndisanakwere ndege. Njirayi ndi yabwino, ndaona ikudzutsa anthu. Koma mmene timaiphunzirira, imaganizira munthu mmodzi, wokhala payekha m'chipinda, wofunsidwa kuti "inuyo mukufuna chiyani?" Mayiwa moyo wawo wonse funso linali lakuti "kodi pakhomo pano pakufunika chiyani?"

Ndinamuimbira foni mwanayo n'kupepesa. Ndinamuuza kuti abwerenso onse awiri, kuti mphindi khumi zoyamba zidzakhala zake, andifotokozere mmene akuwaonera amayi ake, kenako ndidzapempha chilolezo kwa onse awiri kuti nditsale ndi mayiwo. Anavomera, ngakhale mawu ake anali ozizira.

Kenako panabuka nkhani ya womasulira. Tinapeza mtsikana waulemu wodziwa ntchito, koma asanakhale n'komwe, mayiwo anamufunsa kuti ndi mwana wa ndani ndipo amapemphera kukachisi uti. Atayankha, nkhope yawo inagwa. Leicester ndi mzinda waukulu, ndipo kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 43 pa 100 alionse ndi a mtundu wa ku Asia, koma Belgrave ndi mudzi. Zimene wanena Lachiwiri ungazimve pa ukwati Loweruka, kapena ungoziopa kuti uzimva, zomwe n'chimodzimodzi. Tinasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito womasulira wa pafoni, wa mumzinda wina, amene sankawaona nkhope. Ndinafotokoza za chinsinsi katatu konse, mpaka kutchula amene angawerenge zolemba zanga ndi amene sangawerenge.

Fomu ndinaikankhira pambali. Ndinangofunsa kuti, "Mayi, kodi pakupweteka ndi pati?" Anagwira pachifuwa n'kunena liwu limodzi: gabhraman. Womasulira anazengereza, kenako anati ndi kugunda kwa mtima, kubanika, mantha, zonse pamodzi. Ndinalimva msanga. Ifenso timati mtima uli m'mwamba, mtima wandithawa, ndipo palibe amene amathamangira dokotala wa mtima. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira, liwu limene Dixon Chibanda ndi agogo aakazi a Friendship Bench anamangirapo ntchito yawo ku Harare. Anthu ena ophunzira amati odwala oterewa amabisa maganizo m'thupi chifukwa sadziwa kuwatchula. Ine ndikukana. Mayiwa anatchula vuto lawo molondola kuposa fomu yanga.

Tsiku lachitatu anawerenga dzina langa pabaji, nandiyang'anitsitsa. Womasulira asanalankhule, ndinamva Chichewa: "Iwe, kwanu kuti?"

Anabadwira kuseri kwa sitolo pamalo ena ochitira malonda m'chigawo cha kum'mwera kwa Malawi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amwenye kuti achoke kumidzi, azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Banja lawo linatseka sitolo, ndipo pasanapite nthawi linasamukira ku Leicester, kumene anzawo othamangitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972 anali atafika kale. Chichewa chawo chinali cha pakauntala, chopanda "inu", chija malume anga ankaitanidwa nacho pamene ankanyamula mabelo a nsalu ku Limbe. "Iwe" ameneyu anandibaya. Ndinakumbukiranso zimene ife tinkanena za amwenye tikakhala patokha, zoti mavuto awo ndi a ndalama basi. Usiku umenewo ndinadzifunsa ngati kuthamangitsa mwana wawo kuja kunachokeradi m'buku la Beck.

Nkhani yeniyeni inatuluka pa ulendo wachisanu. Amuna awo atamwalira, ukwati wa mwana wawo wamkazi unatha, ndipo mtsikanayo anabwerera pakhomo. Mayiwo anasiya kupita kukachisi poopa maso a anthu. Ankati ulemu wa banja, umene ambiri a ku South Asia amautcha izzat, unatayikira m'manja mwawo, mwamuna atangotseka maso.

Apa m'pamene mlangizi angawononge zinthu. N'zosavuta kunena kuti "zonena za anthu zisakukhudzeni," koma anthuwo alipodi ndipo amanenadi. Ofufuza monga Farooq Naeem ndi Shanaya Rathod, amene anagwira ntchito yosintha CBT kuti igwirizane ndi chikhalidwe cha odwala, anasiya mafupa a njirayi mmene alili n'kusintha kafikidwe, chilankhulo ndi malo a banja. Ku Rawalpindi, Pakistan, Atif Rahman anaphunzitsa azaumoyo a m'midzi kuthandiza amayi oyembekezera ovutika maganizo, ndipo ankalowa m'nyumba ndi nkhani ya thanzi la mwana, imene apongozi sangaikane. Nanenso ndinasiya kufunsa kuti "n'chiyani chimakusangalatsani?", funso limene mayiwa ankaliona ngati lachibwana. Ndinafunsa kuti, "Ndani amene akuvutika chifukwa simukuoneka?" Anatchula mnzawo wamasiye amene ankaphika naye chakudya cha kukachisi. Tinagwirizana zoyamba ndi foni imodzi. Kenako kukaphika m'mawa wa pakati pa sabata, anthu asanachuluke. Tinalemberatu zimene ankaopa kuti zichitika, n'kudzaziyerekeza ndi zimene zinachitikadi. Mayi mmodzi anawayang'anadi cham'mbali. Atatu anawakumbatira.

Ndisadzitame. Mwezi womwewo kunabwera mtsikana wa zaka za m'ma 20, wobadwira ku Leicester konko, makolo ake a ku Bangladesh. Ine, nzeru zatsopano zili tho, ndinamufunsa ngati angakonde kuti amayi ake adzakhale nawo. Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala. Anati wakwera mabasi awiri kuti apeze chipinda chimodzi chimene amayi ake mulibe. Kuyambira pamenepo tsiku loyamba ndimafunsa aliyense kuti vutoli amalitcha chiyani, akuganiza kuti lachokera kuti, wapita kale kwa ndani, kaya kwa shehe kapena kwa wansembe wa kukachisi, ndiponso ndani ayenera kudziwa kuti akubwera kuno, ndani sayenera.

Mayi a ku Belgrave anabwera maulendo 12. Pa ulendo womaliza fomu inatulutsa 6, kuposa tsiku loyamba lija, chifukwa tsopano ankayankha okha. Pakompyuta zikuoneka ngati sindinawathandize. Anandisiyira kambale ka dhokla, ndipo mwana wawo, amene ankadikira panja mwa kufuna kwake, anawagwira mkono. Ali pakhomo anatembenuka n'kuyesa kukumbukira mawu. "Tsala bwino," anatero. Kenako anaima pang'ono. "Tsalani."