Diwali, Chikondwerero cha Nyali pa Usiku Wopanda Mwezi

Kwa makolo ndi abale a ku Mtenguleni,

Mwana wanu amene akukhala ku Durban akufuna kufotokoza za Diwali, chikondwerero cha Ahindu chimene ambiri kumudziko amangochimvera patali, popeza amwenye ochuluka a ku Chipata ndi Asilamu.

Tsiku la Diwali limasinthasintha chifukwa limatsatira mwezi wakumwamba, ndipo limagwa pa usiku umene mwezi suoneka konse, kuyambira pakati pa Okutobala kufika pakati pa Novembala. Miyezi 12 yowerengedwa motero imakwana masiku 354, kutanthauza kuti imaperewera ndi masiku 11 pa chaka cha boma. N'chifukwa chake tsikuli linali 12 Novembala mu 2023, koma m'madera ambiri linakhala 31 Okutobala mu 2024 ndi 20 Okutobala mu 2025. Kuti lisazungulire nyengo zonse monga imachitira Idi ya Asilamu, Ahindu amawonjezera mwezi umodzi pafupifupi zaka zitatu zilizonse, motero mu 2026 likubwerera pa 8 Novembala.

Ku India nthawiyi imafika mvula itatha ndipo zokolola zikulowa m'nyumba, pamene ku Chipata ndiyo nthawi imene dzuwa limaswa mtengo, anthu akusosa m'minda. Mwambo wathu wa Nc'wala sungachoke pa nyengo yake, pakuti Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ayenera kulawa zipatso zoyamba mu Febuluwale, mbewu zitayamba kucha. Koma Diwali, poti imadalira kwambiri mdima wa mwezi, inatha kuwoloka nyanja pamodzi ndi antchito amene anayamba kufika kuno ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe za azungu. Wolembayu amawalemekeza kwambiri anthu amenewa, amene pa ntchito ya kalavulagaga sanataye mawerengedwe a kwawo.

Madzulo a tsiku la Diwali, m'makomo a ku Chatsworth ndi Phoenix kuno ku Durban anthu amandandalika diya, tinyali tadothi tokwana m'chikhatho, tokhala ndi mafuta ndi chingwe cha thonje, ndipo ana amatumidwa kukapereka mbale za zotsekemera kwa anansi, ngakhale a chipembedzo china. Ochokera kumpoto kwa India amati nyalizo zimakumbutsa kubwerera kwa Rama mumzinda wa Ayodhya atakhala zaka 14 ali wopirikitsidwa, atagonjetsanso mdani wake Ravana, pamene Atamili a kum'mwera amakumbukira Krishna amene anapha Narakasura, mfumu yankhanza, ndipo iwo amadzola mafuta n'kusamba m'mbandakucha. Amalonda a ku Gujarat, dera lomwenso amwenye ambiri a ku Zambia anachokera, amatsekula mabuku atsopano a ndalama, n'kuwapereka kwa Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, chifukwa kwa iwo chaka chatsopano chimayamba Diwali ikangotha.

Mwana wanu,
ku Durban