Kadontho Kosachoka pa Chithunzi

Aliyense amene anakhalapo ku Balaka m'mwezi wa Okutobala amalidziwa fumbi la kumeneko. Limalowa m'mphuno, m'mabuku, ngakhale m'sutikesi yotseka. Limalowanso m'kamera, ndipo iyi ndiyo nkhani ndafuna kugawana nanu, poti ndine mmodzi mwa ojambula zithunzi za magazini yathu ino.

Pa tchuthi ndinapemphedwa kukajambula mwambo wa Ulimbitso ku parishi ya kwathu m'boma la Machinga. Kamera inali yobwereka, ya mtundu uja wotheka kuchotsa lenzi. Kutatsala masiku awiri ndinakaiyesa ku Liwonde. Ndinajambula mtsinje wa Shire pafupi ndi Kamuzu Barrage, kumwamba kwa chithunzi kunaoneka kadontho kotuwa. Ndinajambula mlambe, kadontho kaja kali pomwepo. Ndinapukuta lenzi, koma sikanasunthe. Mtima unagunda, pakuti Ulimbitso munthu amalandira kamodzi kokha, ndipo makolo ambiri akanasunga chithunzi chimodzi chomwecho moyo wawo wonse.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akujambula zithunzi ku Balaka kuyambira nthawi ya mafilimu. Iwo anandifotokozera kuti kale chithunzi chilichonse chinkagwera pa chidutswa chatsopano cha filimu, choncho fumbi linkapita nacho. Kamera ya digito ili ndi sensa imodzi yokha yolandira kuwala konse. Fumbi likamata pa kagalasi kotchinga sensayo, limaoneka pa zithunzi zonse, pamalo amodzimodzi. Anati kampani ya Olympus inayamba mu 2003 kupanga makamera odzikutumula okha fumbi, komabe lina limakanirira.

Anachepetsa kabowo kolowetsa kuwala mpaka pa f/22 najambula thambo lopanda mitambo. Madontho anaoneka asanu, pamene ine ndinkaona kamodzi! Anandiuzanso kuti lenzi imatembenuza chithunzi, kotero kadontho kooneka kumwamba kamakhala kumunsi kwa sensa.

Asanayambe anaonetsetsa kuti batire ndi lodzaza, chifukwa likathera pakati pa ntchito chitseko cha m'kati chimatsekeka n'kuonongeka. Anatseka mazenera, nachotsa lenzi, nazondotsa kamera kuti fumbi ligwere pansi, kenaka anapopera ndi kampira ka mphepo. "Usayerekeze kuuzira ndi pakamwa, mwana wanga," anatero, "malovu amaposa fumbi kuipa." Madontho anayi anachoka. Kotsalako anatenga kamtengo kapadera ka nsonga yofewa, nadonthezapo mankhwala ake pang'ono, napukuta kamodzi kupita, kamodzi kubwerera, basi. Anati thonje wamba, mpango kapena chala zimakanda kagalasiko, ndipo chipsera chake sichipukutika. Ndinawafunsa chifukwa chake ankachita pang'onopang'ono chotero. Anangomwetulira n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anzanga aseminale, ntchito imeneyi yandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti ngati ndikuona chilema chomwechomwecho mwa aliyense, mwa mnzanga wa m'kalasi, mwa aphunzitsi, mwa abale kunyumba, mwina chilemacho sichili mwa iwo ayi. Chili pa sensa ya mtima wanga. Mtsinje wa Shire unalibe kadontho, mlambe unalibenso. Ndipo monga thambo loyera linaonetsa madontho obisika, kudzifufuza kwa madzulo pamaso pa Mulungu kumaonetsa zimene phokoso la masana limabisa. Sakramenti la Kulapa tinapatsidwa chifukwa fumbi silileka kulowa.

Chachiwiri ndikupereka mwaulemu kwa abambo athu ansembe ndi kwa inu makolo. Ifeyo fumbi tili nalo ndithu, ndipo tikufuna mutiyeretse. Koma mtima wa mnyamata ndi wosachedwa kukandika. Bambo aja anayamba ndi mphepo yokha, ndipo anakhudza sensa pokhapokha mphepo italephera. Mawu aukali onenedwa pagulu angathe kusiya chipsera chimene chidzaoneka pa zithunzi zonse za moyo wake, mwinanso kuzimitsa maitanidwe. Tidzudzuleni, musatilekerere, koma dzanja lanu likhale lofewa ngati la mmisiri wodziwa mtengo wa chimene wagwira.