Mlendo wa ku China mu Lusaka

Alendo ambiri ofika m'dziko la Zambia sakhalitsa mu Lusaka. Amatsika ndege, nagona usiku umodzi, m'mawa mwace napitirira ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, kapena ku Luangwa kukaona nyama. Mzinda waukuluwu amauyesa khomo cabe, ndipo munthu saima pakhomo kuti aliyamikire. Maganizo omwewo anali nao bambo wina wa ku China amene anafika kuno mwezi wa July, caka ca 2023.

Atate ace a munthuyu, pa unyamata wao, anali pakati pa anthu zikwi zambiri a ku China amene anamanga njanji ya TAZARA kuyambira 1970 kufikira 1975, njanji ya makilomita 1,860 yocokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi. Atakalamba anali kuchula Zambia kawirikawiri, koma anamwalira asanabwerenso. Mwana wao anadza tsono kudzaona dziko limene nkhalambayo inalilakalaka, koma Lusaka anaupatsa tsiku limodzi lokha.

Coyamba kumdabwitsa cinali mphepo. Kwao July ndi mwezi wa thukuta, ndipo iye anamva kuti Africa yense ndi ng'anjo. Motero anatsika pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda atabvala malaya opyapyala. Sanadziwe kuti Lusaka ali pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndi kuti June ndi July ndiyo nyengo ya cisanu. Pokwera galimoto anatsegula citseko ca woyendetsa, pakuti kwao magalimoto ayenda kudzanja lamanja kwa mseu. Pakati pa usiku tulo tinamthera, thupi lace likuti kwaca, cifukwa ku China dzuwa lituluka maora 6 kuno kusanace. M'mawa anasuzumira pazenera, naona pfumbi, nyumba zazifupi ndi mipanda ya njerwa. Anati mumtima, "Muno mulibe coona."

Ali mu Cairo Road anaima pamaso pa mai wina wogulitsa malalanje, nafunsa njira m'Cingelezi, osapereka moni. Maiyo sanaloze njira. Anamyang'ana nati, "Muli bwanji, bambo?" nakhala cete kudikira. Mlendo anacita manyazi, ndipo pamenepo anakumbukira mau awiri amene atate ace anali kuwachula pakhomo pao poseka. Anati, "Muli shani?" Amai onse a pamenepo anaseka, pakuti umenewo ndi moni wa Cibemba, cilankhulo ca kumene njanji inapita. Atamva za atate ace, mai uja anati, "Ngati muli mwana wa omanga njanji, musacoke musanaone nyumba ya ku Chilenje." Anaitana mphwace namuuza kuti aperekeze mlendoyo pa minibasi.

Nyumba ya nambala 394 ku Chilenje ndi yaing'ono, yosasiyana ndi zinzace. Koma m'menemo munakhala Kenneth Kaunda kuyambira 1960 kufikira 1962, pa nthawi yomenyera ufulu. Mnyamata uja anafotokoza zimene anaphunzira kusukulu: kuti Azungu a ku Rhodesia atadzilamulira mwaupandu mu 1965, Zambia anaopa kudalira njira ya kum'mwera potulutsa mkuwa wace, ndi kuti mu 1967 Kaunda anapita ku Beijing, ndipo caka comweco pangano la njanji linalembedwa. Mlendo anakhala duu. Anaona kuti thukuta la atate ace linali ndi ciyambi, ndi kuti ciyambico cinali mwa anthu a mzinda umene iye anaupeputsa.

Tsiku limodzi lija linasanduka masiku asanu. Anamva kuti Lusaka anayamba mu 1905 ngati poima sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, nalandira ulikulu kucokera ku Livingstone mu 1935. Anaona cifanizo ca munthu wodula maunyolo, analowa mumsika wa Soweto, naphunzira kusamba m'manja ndi kumbwinyiza nsima. Potsiriza anapita ku Chongwe, kumene mu 2022 kunatsegulidwa malo okumbukirako anthu a ku China amene anafera pa nchito ya njanjiyo. Kumeneko anawerama katatu, monga mwa mwambo wa kwao, m'malo mwa atate ace.

Asananyamuke analembera anzace malangizo. Wodza pakati pa May ndi August atenge jekete. Asinthe ndalama akhale ndi makwaca ang'onoang'ono, pakuti kumsika salandira malipiro a pa telefoni a ku China. Apangane mtengo ndi mwini galimoto asanakwere. Pooloka mseu ayambe kuyang'ana kudzanja lamanja. Agone m'neti cifukwa ca udzudzu. Koma langizo limene analemba pamwamba pa onse linali lakuti apereke moni asanafunse kanthu, ndipo adikire yankho lace.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mzinda uwu sudzionetsa kwa munthu waliwiro, pakuti ulibe phiri lalitali kapena mtsinje waukulu. Cuma cace cili m'mbiri yace ndi m'kamwa mwa anthu ace. Alipo anyamata ndi atsikana ambiri amene amatsika basi mu Lusaka kudzafuna nchito, nakhala zaka osaponda pakhomo pa nyumba ija ya ku Chilenje. Iwo ayenera kudzifunsa ngati n'koyenera kuti munthu wocokera kutsidya kwa nyanja awapose podziwa likulu lao.