Mwana Adziwe Dera Lake Ali Panjinga

Abale anga muli kumudzi, chisamukireni ku Milton Keynes kuno ku Mangalande, ana anga adziwa dera lathu latsopano chifukwa cha njinga. Boma lidakhazikitsa tauni imeneyi mu 1967, ndipo omanga adapatula njira za oyenda pansi ndi apanjinga, za phula lofiira, zotchedwa Redways. Zonse pamodzi zimaposa makilomita 300. Zikafika pamsewu waukulu zimadutsa kunsi kapena pamlatho, choncho mwana sakumana ndi galimoto zaliwiro.

Loweruka nyengo ikakhala bwino timanyamuka. Wamkulu amatsogola, wamng'ono wa zaka 4 amabwera pambuyo pa kanjinga kopanda mapedulo, akumadzikankha ndi mapazi. Ine ndimakhala kumapeto ndi pampu, madzi ndi nthochi m'chikwama. Sitifulumira. Ku Bancroft amaima kuti agwire ziboliboli za ng'ombe za simenti, zomwe zoyamba zake zidapangidwa mu 1978. Ku Willen Lake amawerenga abakha. Kaloboti ka matayala sikisi kopereka katundu wa m'sitolo kakatulukira panjira, wamng'ono amakapatsa moni ndithu. Pobwerera ndimawafunsa kuti njira yakunyumba ndi iti, iwo n'kumaloza okha.

Kwathu njinga siyoseweretsa. Ndi ya bambo, yonyamulira matumba a chimanga kupita kuchigayo, makala, ngakhale wodwala kupita naye kuchipatala. Ku Salima ndi ku Mangochi mabanja ambiri akudya chifukwa cha kabaza. Ife tidaphunzira pa njinga yaikulu ya akuluakulu, mwendo titaulowetsa kunsi kwa mtanda chifukwa pachishalo sitinkafikapo. Wotiphunzitsa anali mkulu wathu, kholo silinkakhala ndi mpata woti lizizungulira nafe. Komabe mudzi tinkaudziwa wonse, chifukwa pakhomo lililonse panali munthu wotiitana ndi dzina, kutifunsa kuti amayi adzuka bwanji.

Chimenecho kuno chikusowa. Mutha kupalasa mtunda wautali osamva wina akufunsa kuti ana awa ndi a yani. Kholo likapanda kutuluka nawo, mwana amangodziwa nyumba, galimoto ndi sukulu basi. N'chifukwa chake anzanga amene muli kunja kuno ndikukupemphani: ngakhale mwatopa ndi ntchito ya usiku, pezani kanthawi. Njinga zogwiritsidwa kale ntchito ndi zotchipa, ndipo m'masukulu ambiri ana amaphunzitsidwa kuyenda pamsewu m'maphunziro a Bikeability.

Za kwathu mtima umandiwawa. Mwana wa ku Area 25 ku Lilongwe kapena wa ku Ndirande naye amalakalaka kupalasa, koma kholo lanzeru lingamulole bwanji pomwe m'mbali mwa phula mwadyeka, minibasi ikuima paliponse, njinga zamoto zikuthamangira makasitomala? Pa msewu wathu wa M1 wanjinga amathawira m'thengo lole ikaliza hutala.

Apanjinga kwathu ndi ambirimbiri, koma misewu yambiri timamangira eni galimoto okha. Sipafunika ndalama zochuluka ngati za Redways kuti tiyambepo. Pomanga kapena kukonza msewu, makhonsolo asiye kanjira m'mbali kolekanitsidwa ndi miyala ya simenti, makamaka pafupi ndi sukulu ndi misika, ndipo aike zitunda zochepetsa liwiro. Funsani khansala wanu ndi phungu wanu za zimenezi pamsonkhano wachitukuko. Moni ndi umunthu tili nazo kale. Ana athu apatsidwenso njira yoti aziyendamo osaopa kugundidwa.