Za Galimoto Yokalamba ndi Mafuta Ake



Pa mishoni zambiri za dziko lino pali galimoto ya pikapu imene yakalambira pa ntchito, ndipo pathu pano iliponso. Ndiyo imene imapereka Bambo Mfumu ku matchalitchi a kumidzi, ndiyo imatuta chimanga cha mtulo, ndipo mayi akavutika pobereka pakati pa usiku, ndiyo imene anthu amadzaigogodera pakhomo. Tsono mafuta ake sachokera kwina ai, koma m'chopereka chanu. Chifukwa chake tayesa kuti nkoyenera kukuuzani umo timawasungira.

Mudziwa inu kuti dziko lathu lilibe doko la pa nyanja yamchere. Mafuta amadza ulendo wautali kuchokera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, nagulidwa ndi ndalama zakunja. Ambiri akumbukira mizere ya magalimoto ya mu 2011 ndi 2012; ndipo pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa lita unakwera masiku omwewo.

Chiyambi chake ndicho kuwerenga. Timadzaza thanki, nkulemba m'kabuku makilomita amene galimoto ikuonetsa. Podzazanso timagawa makilomita tayendawo ndi malita tathirawo. Kabukuka ndi mboni yosanama. Chiwerengero chikatsika popanda chifukwa, tidziwa kuti galimoto yadwala, ngakhale isanayambe kutsokomola.

Matenda ake ambiri ngochepa mtengo. Tayala losowa mpweya limakwawa pansi, ndipo injini ivutika kulikoka; motero timayesa mpweya mmawa, matayala asanatenthe. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa ya mpweya, ndipo injini yachikale ya kabureta ikabanika imamwa petulo wochuluka koposa muyeso, nitulutsa utsi wakuda. Mapulagi otha nawo amasiya petulo wosapsa. Buleki yogwira simveka msanga, koma mukaima pambuyo pa ulendo, nimuyandikiza dzanja ku magudumu onse, limene latentha koposa anzake ladziulula lokha. Kumbukiraninso kuti kuyambira 1982, pamene anayamba kutcheza ethanol ku Dwangwa, petulo wa kuno amasakanizidwa naye, ndipo mipaipi ya labala yachikale imalimba ning'aluka. Fungo la petulo pamalo pogona galimoto ndi ndalama zimene zilikudontha. Za mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu sitinena zambiri: ena ngosakaniza ndi palafini, ndipo chimene mwapulumutsa lero mudzachipereka kwa makaniko.

Koma dokotala wamkulu wa thanki ndiye phazi la woyendetsa. Mphepo imene galimoto ilimbana nayo sikula molingana ndi liwiro ai: mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake ikula kanayi. Amene ayenda makilomita 80 pa ola afika mochedwerapo pang'ono kuposa wa 110, koma afika ndi mafuta. Kusiya injini ilikulira pamene tilikupatsana moni ndi a mpingo, ndipo moni wa kwathu ngwautali, ndiko kuotcha chopereka pachabe. Maulendo timawaphatikiza: tsiku la Misa ku mudzi wakuti ndilonso tsiku lopereka mankhwala ndi lotenga matumba.

Chilipo chinthu chimodzi chimene tichikana ndithu, ngakhale oyendetsa ambiri amachitama kuti ndi nzeru. Ndicho kuchotsa giya ndi kuzimitsa injini potsika phiri. Lingalirani msewu wotsika kuchokera ku mapiri a Dedza kunka ku Golomoti, kufupi ndi Mua kumene Azibambo Oyera anafika mu 1902, ndi makhotakhota ake. M'galimoto ya petulo mphamvu yothandiza buleki ichokera ku injini. Mukaizimitsa, mupondako kawiri kapena katatu, kenaka chopondera chiuma ngati mwala. Ndiponso giya ikachoka, kulemera konse kwa galimoto kutsamira pa mabuleki okha, amene amatentha nasiya kugwira. Petulo amene apulumuka pamenepo ngwochepa, pamene kumbuyo kwakhala ana a kwaya khumi kapena wodwala pa mphasa. Woyendetsa wathu tamuuza kuti pa mtsetse wotere azitsika ndi giya yomwe akanakwera nayo, injini ilikulira, kufikira pansi.