Semina yopanda funso

Aliyense amene akuchita digiri yachiwiri ya masamu amadziwa kuti tsiku lake loimirira kutsogolo lidzafika. Dzina limalembedwa pa ndandanda ya dipatimenti, mutu wa kafukufuku pambali pake, ndipo ola limodzi limakhala lathu: mphindi 45 zofotokoza, zotsalazo za mafunso. Semina si kalasi wamba. M'kalasi mphunzitsi amapereka zimene zinatsimikizika kalekale ndipo zili m'mabuku. Pa semina timabweretsa ntchito yosapsa, imene ifeyo sitinaimalize, ndipo pamipando pamakhala anthu amene angathe kuona pamene yapindika.

Mantha sangalephere. Mu masamu mulibe pothawira ponena kuti "amenewo ndi maganizo anga." Mzere umodzi wa umboni ukagwa, zonse zimene tinamanga pamwamba pake zimagwa nawo, ngakhale tinazimanga chaka chathunthu. Ndipo mantha ali ndi machenjera ake, amene timawazindikira msanga tikakhala pampando wa womvera. Wolankhula amabwera ndi masilaidi 60 odzaza ndi zizindikiro, nkumawadumpha ngati minibasi yothawa apolisi apamsewu. Akafika pa sitepe yovuta amangoti, "izi n'zoonekeratu," nkupitirira. Pofika mphindi yakhumi aliyense wasochera. Pamapeto pake palibe wokweza dzanja, anthu awomba m'manja, wolankhula atuluka akumwetulira. Ife semina yotereyi timaiopa kuposa ija imene munthu amatuluka malaya atanyowa ndi thukuta, chifukwa ngati mu ntchitoyo munali cholakwa, chatuluka chili chamoyo, ndipo chikudikira tsiku loteteza thesis pamaso pa oyesa ochokera kunja.

Nkhani ya Andrew Wiles imatithandiza kuganiza za zimenezi. Cha m'ma 1637 Pierre de Fermat analemba m'mphepete mwa buku kuti palibe manambala athunthu oposa ziro amene angakwaniritse xⁿ + yⁿ = zⁿ ngati n aposa 2. Kwa zaka zoposa 350 panalibe amene anapereka umboni wake. Wiles, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Princeton, anagwira ntchitoyi mobisa pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri. Asanaiulule anafuna kuti wina aiyese, choncho anauza mnzake Nick Katz, nakonza kosi ya ophunzira a digiri zapamwamba imene cholinga chake chenicheni chinali kufotokozera Katz gawo lovuta la umboniwo. Ophunzira anasiya mmodzimmodzi mpaka Katz anatsala yekha. Onse awiri anakhutira. Mu June 1993 Wiles anakamba maulendo atatu ku Isaac Newton Institute ku Cambridge, ndipo pa 23 June analengeza kuti nkhani ya Fermat yatha.

Koma mu umboniwo munali mpata, ndipo mpatawo unali m'gawo lomwelo limene awiriwa anadutsamo limodzi. Anaupeza ndi Katz yemweyo patapita miyezi yochepa, pamene ankawerenga zolembedwazo mzere ndi mzere ngati mmodzi wa ounika, nkumatumizira Wiles funso pa chilichonse chimene sanachimvetse. Funso limodzi linakana kuyankhika. Zinatenga pafupifupi chaka, mothandizana ndi Richard Taylor amene kale anali wophunzira wake, kuti Wiles atseke mpatawo mu September 1994, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa mu 1995 mu Annals of Mathematics. Chimene chimatikhudza ife ndi chakuti munthu yemweyo, waluntha lomwelo, sanaone cholakwacho pomvetsera, koma anachiona pamene anali ndi ufulu woima ndi kufunsa pa sitepe iliyonse. Ngati zinatero kwa akatswiri a msinkhu umenewo, kuli bwanji ife amene tangoyamba kumene?

Kwathu kuno vutoli lili ndi mbali ina. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sadulidwa mawu, ndipo kufunsa mnzako funso limene sangathe kuyankha pagulu kumaoneka ngati kumuchititsa manyazi. Onjezani apo Chingerezi, chimene timakambira semina ngakhale kuti ambirife timaganiza m'chilankhulo china. Munthu amayamba wakonza chiganizo m'mutu kuti asaphonye galamala, ndipo akamamaliza wolankhula ali kale masilaidi atatu kutsogolo. Ulemu ndi wabwino, sitikuutaya. Koma m'chipinda cha semina amene wakhala chete pa zimene sanamvetse wamusiya mnzake kuti akagwere patsogolo, pamene palibenso womudzutsa.

Ndiye tikamakonzekera timayesetsa kuti kufunsa kukhale kosavuta. Bolodi ndi choko zimathandiza kuposa projekita, pa chifukwa chimodzi chabe: dzanja silithamanga kuposa maso a womvera. (Magetsi akazima, bolodi silizima, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Timakumbukiranso kuti m'chipindamo wina ndi wa algebra, wina wa statistics, wina amaphunzitsa masamu ku sekondale ndipo wabwera atangotuluka m'kalasi. Sitingawapatse zonse. Timasankha mfundo imodzi, nkuyamba ndi chitsanzo chaching'ono chimene aliyense angachiwerengere pa pepala lake.

Taganizirani mnzathu amene kafukufuku wake ndi masamu a kafalidwe ka malungo, monga amachitira ophunzira ambiri m'chigawo chino cha Africa. Angathe kuyamba ndi ma equation asanu ndi awiri pa silaidi imodzi, ndipo palibe amene angamufunse kanthu. Angathenso kuyamba ndi Ronald Ross, amene mu 1897 ku India anapeza tizilombo ta malungo m'thupi la udzudzu, kenako nasonyeza ndi masamu kuti sipafunika kupha udzudzu wonse: ukangochepa kufika pa mlingo winawake, matendawa amalephera kupitirira. Kuchokera apo angalembe R₀ pa bolodi, kunena kuti ndi chiwerengero cha anthu amene wodwala mmodzi angawapatsire matenda pakati pa anthu amene alibe chitetezo, ndipo kuti chikatsika pansi pa 1 mliri umazima. Apa ndiye aliyense wagwira chingwe. Ma equation akamabwera, munthu akudziwa chimene chilembo chilichonse chikuimira, ndipo angathe kuona pamene sichikugwirizana ndi dziko limene amalidziwa.

Pamenepo dzanja limakwezeka. Mwina ndi mphunzitsi wa ku sekondale uja, amene anena motsitsa mawu kuti, "Pepani achimwene, mwatenga kuti chiwerengero cha udzudzu sichisintha chaka chonse. Nanga dzinja, mvula ikamagwa kuyambira November mpaka April?" Wolankhula angathe kukhala ndi yankho. Ngati alibe, timaphunzitsana kunena poyera kuti "sindinaliganizire, ndikaliona," nkulilemba m'kope pomwepo anthu akuona. Funso ngati limenelo lingabwezere munthu m'mbuyo miyezi iwiri, ndipo mutu wachitatu wa thesis ungafunike kulembedwanso, tsopano udzudzu ukuchuluka ndi kuchepa motsatira nyengo.